Tenti Yosafuna Wogwirizira

Sindikumbuka chaka chimene ndinachoka kwathu. Chimene ndikukumbuka ndi chakuti mtsinje unkadya mudzi wathu pang'onopang'ono, monga mbuzi idyera mpanda wa udzu. Chaka china unatenga madimba, chaka china manda, chaka china mtengo wa mango umene tinkauyesa malire. Anthu ankasamuka banja limodzilimodzi, lililonse kolowera kwake, ndipo palibe ankatsanzika, chifukwa aliyense ankati abweranso madzi akaphwa. Inenso ndinachoka osatsanzika. Ndinatsata msewu wofiira umene unali ndi phiri kudzanja lamanzere. Zaka zonse zimene ndayenda, phiri limenelo silinachoke kumanzere kwanga, ngakhale nditatembenuka.

Tauni yoyamba inali ya fumbi ndi maliro. Kumeneko ndinalowa ntchito kwa a Jailosi, mkulu wina wamfupi amene ankabwereketsa matenti ndi mipando kwa anamfedwa. Matenti ake anali a chinsalu chokhuthala chobiriwira, cholemera ngati ng'ombe yakufa, ndipo tenti iliyonse inali ndi mzati wachitsulo pakati. Tinkafika pakhomo anthu akulira, n'kuyala chinsalucho pansi. Mmodzi ankakwawira mkati ndi mzati, n'kuuimika, n'kuugwira kufikira ife akunja titakoka zingwe ndi kukhoma zikhomo.

"Tenti si nsalu, mphwanga," ankatero a Jailosi. "Tenti ndi manja. Wogwira mzati sayankha moni, sakanda pomuyabwa, ngakhale njuchi imutere pamphuno. Akangosiya, tonse tikwiririka, ndipo pakhomo pano pakhala maliro awiri."

Ndinaphunzira kukhoma chikhomo mopendeketsa, mutu wake ukuthawa tenti. Ndinaphunzira kuti chingwe chikanyowa chimakungika, ndipo chimazula chimene unakhoma dzulo. Ndinaphunziranso kusayang'ana nkhope za olira.

Tsiku lina, pa maliro a munthu amene sindinamve dzina lake, kunadzuka kamvuluvulu tili pakati pa ntchito. Mnzathu wogwira mzati anausiya n'kuthawa, poti kwawo amati m'kamvuluvulu mumayenda zinthu. Chinsalu chinayamba kutsika. Ine ndinali kunja, chingwe chili m'manja, ndipo ndinafuula osadziwa amene ndikumuuza.

"Gwirani mzati!"

"Ndagwira," anayankha mawu a mkazi kuchokera mkati. "Khomani zikhomo zanuzo."

Titamaliza ndinasuzumira. Anali mayi wamtali, wa mpango wakuda kumutu, amene anadzuka pakati pa amayi olira n'kulowa pamalo pa amuna. Anali atakumbatirabe mzatiwo.

"Basi, mungathe kusiya," ndinatero, koma maso sindinawachotse.

"Mukuyang'ana chiyani, achimwene? Maliro ali m'nyumbamo, si ine."

Ameneyo anali Nachanza.

Titakwatirana tinapita kwawo, kumapiri, monga mwambo ufunira kuti mwamuna akakhale kwa mkazi. Atsibweni ake, a Kamzimbi, munthu wofatsa wa mawu apansipansi, anatiyendetsa m'minda. Minda inali itagawidwa kwa ana aakazi, ndi kwa ana aakazi a ana aakaziwo, mpaka munda uliwonse unatsala ngati lamba.

"Mkamwini, takulandirani ndi manja awiri," anatero, "koma onani nokha, m'manjamo mulibe dothi."

Choncho tinatsikira kuchigwa china kumene dothi linali lakuda, ndipo palibe ankafunsa kuti ndiwe wa kwa yani. Tinamanga nyumba, tinalima, tinabereka mwana wamkazi, Tikhale. Kuyambira pamenepo Nachanza ankanditchula kuti bambo a Tikhale. Madzi anabwera m'mawa wina dzuwa likuwala, ochokera ku mvula imene inagwa kutali ife osaiona. Ndinali nditaiwala kuti mtsinje umadziwa kulondola munthu. Nachanza anatuluka m'madzimo atakakamira nthambi, chitenje chili kumsana, mfundo yake ili yomangabe pachifuwa. M'chitenjemo munalibe munthu.

A boma anatisonkhanitsa pabwalo la sukulu ina, pamene matenti oyera anandanda ngati mano. Kumeneko ndinabwerera ku ntchito yanga yakale, chifukwa anthu ankalandira matenti osadziwa pogwira. Ndinkayenda mzere ndi mzere kuwakhomera. Ndinaona kuti amene anatsala awiri ankaimika yawo dzuwa lisanalowe, koma wotsala yekha ankangokhala pa mtolo wake wosamasula, kudikira kuti wina amuone. Panali bambo wina amene ankakana thandizo langa. Ankati akudikira mkazi wake, ndiye amadziwa kugwira mzati. Mvula inkamupeza pa mtolopo, dzuwa linkamuumitsa pomwepo. Nachanza ankamuyang'ana nthawi yaitali.

Bwalo lija litatsekedwa anatilola kutenga tenti yathu. Kuchigwa sitinabwerere. Tinapeza njinga yakale ndi belo la kaunjika, n'kuyamba kutsata misika ya kabandule, ija imakhala tsiku limodzi pano, mawa kwina. Misika yonse inali ngati msika umodzi: mtengo waukulu pakati, wogulitsa mankhwala a makoswe akufuula pansi pake, agalu owonda kuseri kwa opha mbuzi. Ndinaphunzira kuona malaya m'khwapa ndi m'khosi ndisanatchule mtengo. Ndinaphunzira kuti jekete amagula ndi munthu amene wayesa mnzake akuona. Msika ukatha tinkakankha njinga kufikira kunja kwa mudzi, pamalo popanda mwini, ndipo Nachanza ankakwawira m'chinsalu ndi mzati.

"Gwirani."

"Ndagwira, bambo a Tikhale."

Sanasiye kunditchula choncho. Mawu amenewo tinawanena pa mchenga, pa miyala, pa ziputu za chimanga cha anthu ena, m'nyengo ya fumbi ndi m'nyengo ya matope. Utoto wa mzati unayamba kuchoka pamene manja ake ankagwira, mpaka chitsulo chinawala pamalo awiri, pena pamwamba, pena pamunsi.

Kenaka mzati unayamba kunjenjemera. Poyamba ndinkati ndi mphepo. Koma unkanjenjemera ngakhale masamba ali zii, ndipo m'chinsalumo munkamveka chifuwa chouma chosatha. Zitenje zinayamba kumukulira Nachanza. M'tauni ina ya mipanda yaitali tinapita kuchipatala. Anamuyeza, anamujambula pachifuwa, ndipo dokotala anayankhula nafe motsitsa mawu, natipatsa mapiritsi ochepetsa ululu, nati akapume kunyumba.

"Mwamva?" anatero Nachanza tili panja. "Akakuuza kuti kapume kunyumba, ndiye kuti bedi akusungira amene angadzuke."

Madzulo ena ndinati gwirani, koma sindinamve yankho. Chinsalu chinatsika pang'onopang'ono ngati ng'ombe ikugwada. Ndinamupeza pansi pake akuseka, mzati uli pamiyendo, ndipo kusekako kunasanduka chifuwa.

"Ndikufuna mukandisiye kwathu ndikadali kupuma," anatero chifuwa chitaleka. "Sindikufuna kukafika pamwamba pa lole, m'bokosi, ngati katundu."

Kwawo kunali kutali. Mvula inali itayamba, milatho ya kumapiri inali itapita ndi madzi, ndipo panalibe galimoto yofikako. Njira inali imodzi yokha: iye akhale pa kaliyala wa njinga, ine ndizikankha, tizigona pamene dzuwa latisiya.

"Koma chinsalu ichi sitipita nacho," anapitiriza. "Tikagule tenti yoti muziimika nokha."

"Tentiyi ilibe vuto, mayi. Mukapeza bwino mugwira."

"Bambo a Tikhale, mvula sidikira munthu kuti apeze bwino."

Mumtima mwanga munali ganizo limene sindikanatha kulitulutsa. Ndinkati malinga tenti ikufuna manja ake, ndiye kuti ali ndi ntchito pansi pano, ndipo munthu amene ali pakati pa ntchito saitanidwa. Ndinkaopa tenti ina iliyonse monga munthu aopera uthenga.

Tinayenda kufikira tauni ina imene msika wake unali kuseri kwa depoti. Kumapeto kwa mzere wa nsapato kunali mayi Dolika, wonenepa, wa mawu ngati wailesi, amene ankagulitsa matenti obwera m'mabelo, amene azungu okwera mapiri anatopa nawo kwawo. Ndinakhazika Nachanza pa chitini chogadabuza.

"Takulandirani, bwana ndi dona!" anafuula mayi Dolika. "Mukufuna ya tchuthi, kapena yoti alandilodi akuthamangitsani?"

Ine ndinaloza tenti yaikulu yabuluu imene inaimikidwa pambali. Inali ndi khonde, chipinda, ndi mzati pakati.

"Bambowa ali ndi maso! Imeneyo ndi ya banja. Mungathe kulandiriramo apongozi, iwo uko, inu kuno, osaonana."

"Imafuna anthu angati poimika?" anafunsa Nachanza.

"Awiri basi, mayi. Wina agwire, wina akhome."

"Isiyeni ili apo."

"Mayi, taionani kaye," ndinatero. "Ndi yolimba. Ikufanana ndi yathu ija."

"N'chifukwa chake ndikuti aisiye."

Mayi Dolika anatiyang'ana tonse awiri, n'kuwomba m'manja. "Ngati vuto ndi ulesi, mankhwala ake ndili nawo." Anatulutsa chinthu chozungulira ngati lichero lalikulu, n'kuchiponya m'mwamba. Chinatambasuka chili m'malere, n'kutera pansi chili tenti yathunthu. Odutsa anaima, ena anaimba mluzu.

"Mwaona? Ngakhale woledzera angathe."

"Tsopano ibwezeni m'thumba mwake," anatero Nachanza.

Mayi Dolika anaipinda, inamupulumuka. Anaipotokola, inabwerera. Anaigwadira ndi maondo onse awiri, ndipo inafwamphuka n'kumumenya pachibwano. Anthu anaseka mpaka ogulitsa nsapato anabwera kudzaona.

"Imafuna kuizolowera," anatero akupuma wefuwefu.

"Kudzuka imadzuka yokha, koma kugona imakana," anatero Nachanza. "Amuna angawa mtima uli pachala. Angalimbane nayo m'mawa umodzi, n'kuisiya pamsewu. Tandipatsani kathumba ako."

Analoza ndi chibwano kathumba kakang'ono ka mtundu wa masamba ouma, kamene kanali pansi pa zonse. Mayi Dolika anakakhuthula. Munali ndodo ziwiri zopyapyala, zoduka zigawozigawo, koma mkati mwake munadutsa chingwe cha mphira, moti ukangozigwedeza zigawozo zinkapezana zokha. Nachanza anazigwedeza yekha ndi dzanja limodzi, n'kugwedeza mutu.

"Izi sizingatayike chimodzichimodzi. Bambo a Tikhale, imikani. Pompano."

"Pamsika pano?"

"Mukufuna mukayesere kutchire mvula ili pamutu? Tenti sagula ili m'thumba. Imikani. Ndipo inu amayi, musawathandize."

Mayi Dolika anaseka. "Kodi mayi, mukufuna kuwathawa bambowa? Mwapeza wina wa nyumba ya malata?"

"Ndapeza," anatero Nachanza. "Akundidikira."

Mayi Dolika anatsegula pakamwa kuti awonjezere nthabwala, koma maso ake anagwera pa mikono ya Nachanza, pamene chibangili chinali chitatsetserekera mpaka m'chigongono. Anathamangitsa oonerera aja, n'kusesa pansi ndi phazi kuti ndipeze poyala.

Ndinayala tentiyo. Ndinapingasa ndodo ziwirizo pamwamba pake, n'kulowetsa nsonga ya imodzi m'kabowo ka pangodya. Nditapita ku ngodya ina ndinayang'ana kwa Nachanza.

"Tagwirani apa pang'ono chabe."

Anabisa manja onse m'khwapa, mkati mwa chitenje.

"Manja anga atopa. Pondani ndi phazi."

Ndinaponda ndi phazi. Ndodo inapindika ngati uta n'kulowa. Yachiwiri inalowanso. Panali timbedza tapulasitiki tosokeredwa pa nsalu, ndipo nditatikoleka pa ndodozo tentiyo inadzuka, n'kuima payokha, popanda chingwe, popanda chikhomo ngakhale chimodzi. Ndinaikankha ndi dzanja ndikuyembekeza kuti igwa. Inangosendera, ili chiimire.

Nachanza sanathere pomwepo. Anandiuza ndiinyamule m'mwamba, kuloza kudzuwa, kuti aone ngati muli tibowo. Anayendetsa zipi kukwera ndi kutsika. Anapapasa msoko wapansi ndi chala chake chonse. Anapempha mayi Dolika kuti athire madzi a m'botolo pa nsalu yapamwamba, ndipo tonse tinayang'ana madziwo akugubuduka ngati pa tsamba la nthochi. Chikhomo china chinasowa, ndipo mayi Dolika anaikapo msomali wopinda.

Ine ndinalowetsa mutu mkati, n'kupeza chonena chotsiriza.

"Yachepa. Sitikwanamo awiri."

"Tikwana," anatero. "Ine ndikunka ndichepa."

Tinasiya kwa mayi Dolika tenti yathu yakale ndi kaunjika yense wotsala. Sanatsutse, sanachite nthabwala. Anangoti mzatiwo uthandiza poyanika zovala, n'kuutsamiritsa kukhoma. Pochoka ndinacheuka. Malo awiri aja ankawala padzuwa, pena pamwamba, pena pamunsi.

Ulendo wa kumapiri sindingauwerenge masiku. Midzi yonse inali ndi mjigo pakhomo ndi amayi otunga madzi amene ankasiya kupopa tikamadutsa. M'mudzi wina ndinapempha malo pakhonde. Mayi wa panyumbapo anayang'ana Nachanza pa kaliyala, n'kuyang'ana pansi.

"Pepani bambo, si nkhanza. Akatisiyira pano, maliro a mlendo tiwatani? Amfumu adzatifunsa, manda tilibe a alendo. Tengani madzi awa, tengani ndi mbatatayi."

M'mudzi wotsatira mawu anali omwewo, koma anatipatsa nthochi. Kwina sanatipatse kanthu. Tinasiya kupempha. Mitambo ikayamba kuda ndinkamutsitsa kunja kwa mudzi, n'kumukhazika pamwala, ndipo iye ankayang'anira ntchito yanga ngati a Jailosi.

"Osati apo, ndi pokumbika, madzi adzasonkhana. Osati pansi pa mtengowo, simukuona linthumbu? Chotsani minga kaye musanayale. Mphepo ikuchokera kuti?"

"Uko."

"Ndiye khomo liyang'ane kuno. Khomo lisamayang'ane mphepo, ngakhale kumeneko kukhale kokongola bwanji."

Tsiku lililonse, ndikafika pa ngodya yachiwiri, pakamwa panga pankatseguka pokha.

"Gwirani."

"Sindigwira," ankayankha masiku oyamba. Kenaka ankangopukusa mutu. Kenaka ankangondiyang'ana.

Mkatimo tinkakwana movutikira. Ine ndinkagona chammbali, msana utakhudza nsalu, iye atatsamira pachifuwa panga kuti apume bwino. M'mawa ndinkamasula timbedza, n'kuzula ndodo, ndipo zonse zinkalowa m'kathumba kaja kamene iye ankakafungata pa kaliyala monga afungatira mwana.

Panali tsiku lina pamene mvula inatipeza pathanthwe, pamwamba pa chitunda, popanda mtengo, popanda dothi. Tinaiona ikubwera kuchokera kuchigwa ngati khoma loyera. Ndinayesa chikhomo, chinapindika. Ndinayesa msomali wa mayi Dolika, unathetheka moto. Tenti yathu yakale ikanakhala mulu wa nsalu pamenepo, ngakhale pakanakhala amuna khumi.

"Siyani zikhomo," anatero Nachanza, mawu ali ngati a munthu wa tsidya lina. "Imikani, muike miyala mkati, m'ngodya."

Ndinaimika, ndinaika miyala, ndinamunyamula n'kumulowetsa. Madontho oyamba anandimenya pamsana ndikutseka zipi. Mvula inagwa ngati ikufuna kuswa thanthwelo, tenti inawerama, n'kuweramuka, n'kuweramanso. Itatha ndinapapasa mpango wake, chitenje chake, mapazi ake. Zonse zinali zouma.

"Mwaona?" anatero.

"Ndaona."

"Nokha."

Tinafika kwawo ali moyo. A Kamzimbi anationa tikutsika njira ya m'minda ija, ndipo anathamanga, munthu wokalamba, chipewa chili m'manja. Amayi a m'mudzimo ananyamula Nachanza pa kaliyala, anamusambitsa, anamugoneka m'nyumba imene anabadwiramo. Anakhalako nthawi yokwanira kuti aliyense amuone. M'mawa ankamutulutsa pakhonde kuti awothe dzuwa, ndipo tsiku lina ndinaona akuyankhula ndi atsibweni ake nthawi yaitali, mkuluyo ataweramitsa mutu. Nachanza anatisiya chimanga chikumasula.

Pa maliro ake panabwera tenti yobwereka, ya chinsalu chobiriwira. Ndinakhala pamphasa ndikuona anyamata akuiyala molakwika, khomo kuloza kumphepo. Wina anafuula kuti munthu agwire mzati. Ndinapezeka nditaimirira. A Kamzimbi anandigwira mkono.

"Khalani pansi, mkamwini. Wofedwa sagwira ntchito."

Ndinakhala. Wina analowa m'chinsalumo, ndipo sindinamve ngati anayankha.

Tinaika, tinameta. Tsitsi litayamba kumera, a Kamzimbi anandiitana pansi pa mtengo, pali akuluakulu ena a banjalo. Anayamba ndi nkhani ya mvula, n'kupita ku nkhani ya mbewa zimene zikuononga mbatata. Kenaka anatola kamtengo n'kumalemba pansi.

"Mkamwini, mwana wathu munamusunga. Munamubweretsa ndi mapazi anu, tinamuona, tinayankhula naye. Mawu oipa pa inu tilibe, ngakhale amodzi. Koma mwambo mukuudziwa. Chimene chinakumangani pakhomo pano chagona uko. Mwana akanakhalapo, bwenzi tikuyankhula zina. Lero takusudzulani. Ndinu mfulu. Pitani kwanu mukapume, ndipo mukafuna kukwatira, palibe adzakutsateni."

"Atsibweni," ndinatero, "kwathu kuli madzi."

Mkuluyo sanadzutse mutu. Kamtengo kanapitiriza kuyenda m'dothi.

"Tikudziwa. Anatiuza pakhonde paja. Ine ndinati, nanga mwamunayu tikamumasula alowera kuti? Iye anati, mwambo chitani, musamupatse lamba wa munda woti adzakanganirane ndi ana a achemwali anga. Anati pogona ndamukonzera kale, ndipo ndamuona akuimika."

Mlamu wanga wina anabweretsa njinga. Pa kaliyala anali atamangirira kathumba kaja, ndi ufa pang'ono m'jumbo. Onse anandiperekeza mpaka pakhwawa la kumalire, anandigwira chanza, n'kubwerera osacheuka, monga ziyenera kukhalira.

Ndinawoloka. Msewu unali wofiira, phiri linali kumanzere. Sindinayende patali, chifukwa mitambo inali itayamba kuda. Ndinapeza malo okwera, popanda linthumbu, ndipo ndinachotsa minga ndisanayale. Kuchokera pamenepo mitengo ya kumanda kumene tinaika Nachanza inkaoneka bwinobwino tsidya la khwawa, ndipo ndinayala tenti khomo lake kuloza kumeneko. Kenaka ndinaimirira ndi kumva mphepo pankhope. Inkachokera komweko.

Ndinaima nthawi yaitali nsalu ili pamapazi anga. Kenaka ndinaigwira m'ngodya, n'kuitembenuza.

Ndinagwedeza ndodo, zigawo zinapezana. Ndinalowetsa nsonga, ndinaponda ndi phazi, ndinakoleka timbedza. Manja anga ankadziwa njira yonse, ndipo sanandifunse kanthu. Pakamwa panga panatseguka kuti ndinene mawu aja.

Tenti inali itaima kale.